Khofi wa bowa ndi asilikali a m'thupi: mayi aang'ono asiye kemo?

Nachisale: Moni nonse apagulu. Pepani ndadula nkhani ya chopereka ija, koma mutu wandiima. Mayi anga aang'ono anawapeza ndi khansa ya m'mawere, opaleshoni inachitika, pano ali pa kemo, mankhwala amphamvu aja opha maselo a khansa. Alandira kawiri, kwatsala kanayi. Akachoka kuchipatala amagona masiku atatu osadya, tsitsi lonse linathothoka. Ndiye dzulo kwabwera mayi wina wa kutchalitchi kwawo atanyamula mabokosi a khofi wa bowa wotchedwa ganoderma ndi makapisozi. Akuti bowa ameneyu amakweza asilikali a m'thupi, akutinso kemo ndi poizoni wotsitsa asilikaliwo, bola aisiye amwe bowayo miyezi itatu. Zonse pamodzi K120,000 pamwezi. Bambo aang'ono akufuna kugulitsa mbuzi Loweruka. Inu odziwa zachipatala, tandithandizani.

Jere wa ku Joni: Mbuzi zingati? Ndifunse kaye zimenezo kkkk. Kuno khofi ameneyo ali pa kona iliyonse, amachiza shuga, BP, kusabereka, ngakhale ngongole.

Sister Nabanda, Leeds: Asisi, ndili pa ntchito, ndilemba bwino pa nthawi yopuma. Koma ichi chokha musachedwe nacho: imbani foni panopa, kemo asasiye, mbuzi asagulitse. Zinazo tikambirana.

Make Tadala: Ine ndimagulitsa nawo khofi ameneyo ndipo sindibisa. Zosiya mankhwala a kuchipatala sindiuza munthu, mayi ameneyo walakwitsa. Koma kunena kuti bowayu sagwira ntchito, ayi. Ku China akhala akumwa zaka pafupifupi 2,000. Ine ndinkadwala chimfine mwezi ndi mwezi, chiyambire kumwa ndili gwa. Aja a ku Japan ankapereka bowa m'zipatala momwe. Ndiye tisangonyoza poti sizinachokere kwa azungu.

aMbewe a ku Labu: Make Tadala, pa zomwe mwanenazo pali zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imavuta. Bodza loyera silichedwa kugwidwa, lovuta ndi losakaniza ndi choona. Ndiloleni ndiyambire kumunsi.

Bowa, yisiti ya mandasi, nkhungu ya pa nsima yogona, zonsezi ndi banja limodzi la mafangasi. Khoma la maselo awo linamangidwa ndi mtundu wa shuga wolimba, wosatsekemera, wotchedwa beta-glucan. Thupi la munthu silipanga chinthu chimenechi. Ndiye asilikali a m'thupi amachitenga ngati yunifolomu ya mdani: akangochiona, amadziwa kuti fangasi walowa m'mudzi. Maselo ena amene amakhala ngati alonda, ma macrophage, ma neutrophil ndi ma dendritic cell, ali ndi kachida pakhungu pawo kotchedwa Dectin-1, ntchito yake n'kugwira beta-glucan ameneyu. Anatulukira zimenezi ndi Gordon Brown ndi Siamon Gordon ku Oxford mu 2001, onse awiri ochokera ku South Africa. Kachidako kakagwira, selo limayamba kumeza chomwe lapezacho, kutulutsa mankhwala oitana anzake, ndipo uthenga umafika mpaka kwa asilikali ena otchedwa ma T cell ndi ma NK cell.

Taonani bwino apa. Bowa sakudyetsa asilikaliwo kapena kuwanenepetsa. Akuwadzidzimutsa. Zili ngati munthu wakuwa kuti "wakuba!" usiku, mudzi wonse n'kudzuka ndi zibonga. Funso n'lakuti, akadzuka choncho, amenya ndani, ndipo kodi khansayo aiona?

Jere wa ku Joni: Kwathu akadzuka choncho amamenya mlamu wobwera kumowa.

aMbewe a ku Labu: Mwaseka koma mwalasa. Chitetezo chikadzuka popanda mdani weniweni chimamenya mwini nyumba. Matenda monga lupus ndi nyamakazi ija yotupitsa mfundo za zala ndi asilikali olusa mopitirira. Choncho mawu oti "kukweza chitetezo" ine amandinyansa pang'ono. Chitetezo si voliyumu ya wailesi yoti ukakweza ndiye zakoma.

Vuto lachiwiri ndi njira. Zambiri zomwe mumawerenga pa intaneti zinachitikira m'kambale ka mu labu, kuthira mankhwala mwachindunji pa maselo, kapena kubaya mbewa. Pakamwa ndi nkhani ina. Beta-glucan ndi wamkulu, m'mimba mwathu mulibe chomugaya. Kagawo kochepa kamatoledwa ndi alonda a m'khoma la matumbo aang'ono, wotsalayo amatsikira m'matumbo aakulu komwe mabakiteriya amamudya ngati gaga. Zimenezo si zoipa, koma si zofanana ndi jakisoni.

Jere wa ku Joni: Ndiye mbewa za mu labu zinachira kalekale khansa, ife a ku Ntcheu tikungoziwamba pa mpani osadziwa kuti ndi odwala ochira kkkk

Sister Nabanda, Leeds: Ndapeza mpata. Nkhani ya ku Japan imene Make Tadala anena ndi yoona, koma tiyeni tiinene yonse.

Pali mankhwala awiri odziwika. Oyamba ndi lentinan, amene Goro Chihara ndi anzake anachotsa mu bowa wa shiitake mu 1969. Boma la Japan linawavomereza mu 1985 pa khansa ya m'mimba, ndipo amaperekedwa kudzera mu mtsempha, pamodzi ndi kemo. Achiwiri ndi PSK, dzina la malonda Krestin, ochokera mu bowa wolimba womera pa zipika wotchedwa Trametes versicolor, uja wa mizeremizere ngati chipsepse cha nkhukundembo. Amenewa ndi akumwa, anayamba kugulitsidwa mu 1977. Mu 1994 magazini ya zachipatala ya Lancet inasindikiza kafukufuku wa odwala 262 amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mimba. Onse analandira kemo, theka anawonjezeredwa PSK. Patatha zaka 5, mwa olandira kemo yokha amoyo anali 60 pa 100 alionse, mwa owonjezera PSK anali 73. Kusiyana kumeneko si kochepa, ine sindikupeputsa.

Koma werenganinso. Onse anachitidwa opaleshoni. Onse analandira kemo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anauzidwa kuti asiye kemo amwe bowa. Ndipotu a Japan omwewo mu 1989 ataunikanso, analamula kuti PSK aziperekedwa limodzi ndi kemo basi, osati payekha. Chinanso, amenewo ndi mankhwala oyengedwa mu fakitale, mlingo wodziwika, bowa wake wina, khansa yake ina. Kuno ku Britain komanso ku America sanawavomereze ngati mankhwala a khansa. Ndiye kuchoka pamenepo kufika pa kapaketi ka khofi wa shuga ndi mkaka wa ufa, mtunda wake ndi wa Nsanje ndi Chitipa.

Make Tadala: Koma wathuyu ndi ganoderma, mfumu ya bowa onse. Ameneyo ndiye wamphamvu kuposa enawo.

Mphatso wa ku Famasi: Mayi, pa ganoderma pamenepo ndiyankhepo ine. Bungwe la Cochrane, limene ntchito yake n'kusonkhanitsa kafukufuku yense wochitika pa anthu n'kumusefa, linaunika ganoderma pa odwala khansa mu 2012 n'kubwerezanso mu 2016. Anapeza kafukufuku 5 yekha woyenera kuwerengedwa, odwala onse pamodzi 373, ndipo kachitidwe kake kanali kofooka. Anaona kuti maselo a chitetezo monga CD3, CD4 ndi CD8 anakwerako pang'ono, pakati pa 2 ndi 4 pa 100. Koma pa funso lenileni, loti kodi anthuwo anakhala ndi moyo nthawi yaitali, panalibe yankho. Mawu awo omaliza anali oti palibe umboni wokwanira woti ganoderma akhale mankhwala oyamba a khansa. Anangoti mwina angathandize ngati chowonjezera.

Nambala kukwera pa pepala la ku labu si kuchira. aMbewe andichitira umboni, CD4 ya munthu mmodzi yemweyo imasintha m'mawa ndi madzulo popanda kumwa kanthu.

Ndiye pali nkhani ya zomwe zili m'botolomo. Mu 2017 akatswiri anagula zinthu 19 zolembedwa ganoderma pa msika wa ku America n'kuziyeza. Zomwe zinagwirizana ndi zolembedwa pa chikuto zinali 5 zokha. Kumeneko ndi ku America. Ena amamereza mizu ya bowa pa mpunga kapena tirigu, n'kupera zonse pamodzi, ndiye chochuluka m'kapisozimo ndi ufa wa mpunga. Chikomekome cha mkuyu.

Aphunzitsi aGama: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Chithunzi chimene Make Tadala anaika pa status tsiku lija ndinachizindikira. Bowa wofiirira, wonyezimira ngati wapakidwa vanishi, wolimba ngati thabwa, womera pa chitsa. Ameneyo kwathu ku Dedza alipo, koma ife sitimutcha bowa. Bowa ndi amene amadyedwa: utale wa pa chulu, ndelema, manyame, manda. Zosadyedwazo timangoti chirombo. Mzungu wina, Brian Morris, amene anayenda m'midzi kufunsa amayi za bowa, analemba zomwezi, kuti kwa ife bowa ndi chirombo ndi magulu awiri. Ndiye lero chirombo chavala bokosi, chakwera ndege, chikudya mbuzi za anthu.

Koma ndifunse moona mtima. Ngati ndi yemweyo, bwanji osangokasema pa chitsa n'kuwiritsa?

aMbewe a ku Labu: Aphunzitsi, chonde musatero. Ganoderma ndi mtundu waukulu, muli mitundu yambirimbiri yofanana maonekedwe. Ngakhale akatswiri anakhala zaka akusokoneza. Mu 2012 ndi pomwe anaonetsa poyeza DNA kuti lingzhi, ganoderma amene amalimidwa ku China, si Ganoderma lucidum weniweni wa ku Ulaya, ngakhale mabokosi onse amalemba dzina limenelo. Wa pa chitsa cha ku Dedza angakhale wachitatu. Chomwe chili m'kati mwake palibe anakuyezerani.

Mphatso wa ku Famasi: Ndipo "zachilengedwe" sizitanthauza kuti sizipweteka. Ku Thailand madokotala analemba mu 2007 za wodwala amene anamwalira chiwindi chitafa atamwa ganoderma wa ufa. Ku Japan mu 2006 analemba za odwala khansa atatu amene ziwindi zawo zinawonongeka kwambiri akumwa bowa wina wotchedwa Agaricus blazei. Pali bowa wina, chaga, uja wakuda ngati khala womera pa mitengo ya birch ku Siberia, amene watchuka pa TikTok. Ali ndi oxalate wambiri, mchere umene ukachuluka umawononga impso. Mu 2014 ku Japan komweko mayi wa zaka 72 wodwala khansa ya chiwindi anamwa ufa wa chaga masipuni aang'ono 4 kapena 5 patsiku kwa miyezi 6, impso zinaima, anathera pa dialysis, makina osefa magazi. Izi sizichitikira aliyense, n'zosowa. Koma mayi aang'ono a Nachisale chiwindi chawo chili kale pa ntchito yaikulu yosefa kemo. Magazi akakaonetsa kuti chiwindi chavutika, adokotala adzaimitsa kemo osadziwa kuti wolakwa ndi kapisozi.

Chinanso, ganoderma amatha kufooketsa kuundana kwa magazi. Kemo nayo imatsitsa ma platelet, timaselo toundanitsa magazi. Ziwirizo zikakumana, kapena munthu akhale akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena aspirin, kukha magazi sikuchedwa.

Nachisale: Ndaimba. Mayi aang'ono akulira, akuti atopa, akuti mayi uja anawauza kuti mnzake wina anachira ndi bowa yekha. Ndiwayankhe chiyani?

Sister Nabanda, Leeds: Choyamba musawakalipire. Kemo ndi yowawa, amene sanaionepo asaweruze. Munthu akabwera ndi mawu okoma ndi kapu ya khofi, pomwe kuchipatala ukukumana ndi mzere, singano ndi kusanza, mtima umapita kwa wa khofiyo. Zimenezo n'zaumunthu.

Koma auzeni ichi. Ofufuza a ku yunivesite ya Yale ku America anasindikiza mu 2018 zomwe anapeza atatsatira odwala khansa yosafalikira amene anakana chithandizo cha kuchipatala n'kusankha mankhwala ena okha. Chiopsezo chawo cha imfa chinali kawiri ndi theka poyerekeza ndi olandira chithandizo. Pa khansa ya m'mawere chinaposa kasanu. Khansa ya m'mawere ndi imodzi mwa zomwe zimamva mankhwala, ndiye kuisiya pakati n'kutaya mwayi waukulu. Mnzake wochirayo, mufunse bwino, nthawi zambiri mupeza kuti anachitidwa kaye opaleshoni, chotupa chinachotsedwa ndi mpeni, ulemu n'kupita kwa bowa. Ndipo amene bowa sanawathandize sabwera kudzachitira umboni kutchalitchi.

Za asilikali kutsika n'zoona, kemo imatsitsa ma neutrophil, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni. N'chifukwa chake amayeza magazi asanapereke ina. Akatsika kwambiri pali jakisoni wake, filgrastim, amene amauza mafupa kuti apange ena, ndipo zotsatira zake zimaoneka pa masiku ochepa. Mugule thermometer. Thupi likatentha kufika 38 m'masiku amenewo, kaya ndi usiku, athamangire kuchipatala, osadikira kuche, osangomwa panado. Za kusanza akawauze adokotala mosabisa, mankhwala oletsa alipo ndipo amatha kusintha.

Anaphiri: Ine ndilankhule, poti ambiri pano mukudziwa kale. Ndili pa ma ARV kuyambira 2009 ndipo sindichita nazo manyazi. Anthu a makapisoziwa amatidziwa ife, amatidikirira pa geti tsiku lolandira mankhwala. Mawu awo ndi omwewo, "amakweza CD4". Mchemwali wanga weniweni anawamvera. Anasiya mankhwala miyezi isanu ndi iwiri akumwa za m'mabotolo, ndalama ya geni yonse inathera momwemo. Anayamba mutu wosamva panado, khosi kuuma, kenako kulankhula zosamveka. Kuchipatala anati fangasi walowa mu ubongo. Tinaika m'manda ali ndi zaka 34, anasiya ana awiri amene ndikulera ine. Ndiye wina akandiuza kuti fangasi amateteza thupi, ine ndimakumbuka kuti amene anapha mchemwali wanga analinso fangasi.

Aphunzitsi aGama: Pepani kwambiri Anaphiri. Mwalimba mtima kutiuza.

aMbewe a ku Labu: Pepani mayi. Matenda amenewo ndi cryptococcal meningitis, timawaona pafupipafupi, makamaka CD4 ikatsika pansi pa 100. Ndipo akugwirizana ndi zomwe ndinanena m'mawa. Fangasi ameneyu, Cryptococcus, ndi wochenjera: amavala chikhoti chokhuthala chonga ulimbo chimene chimaphimba beta-glucan wake, alonda aja osaiona bwino yunifolomuyo. Woti amugonjetse ndi ma CD4, omwe HIV imapha. Chobweza ma CD4 ndi kuletsa kachilomboko kuswana, ndipo zimenezo amachita ndi ma ARV, palibe bowa amene anaonetsapo mphamvu imeneyo. Masiku ano CD4 ikapezeka pansi pa 200 timayeza magazi kuona ngati fangasiyu wayamba, asanafike ku mutu. Ndiponso kafukufuku wa AMBITION, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022 ndipo odwala a ku Blantyre ndi Lilongwe anatenga nawo mbali, anaonetsa kuti dripi imodzi yamphamvu ya amphotericin, mankhwala opha fangasi, pamodzi ndi mapiritsi imagwira ntchito ngati madripi a sabata yathunthu. WHO inatengera njira imeneyo chaka chomwecho.

Mphatso wa ku Famasi: Kwa amene ali pa ma ARV a masiku ano, aja muli dolutegravir, chenjezo lina. Zowonjezera zambiri za m'mabotolo amathiramo calcium, iron, magnesium kapena zinc. Zimenezi zimagwirana ndi dolutegravir m'mimba, mankhwalawo osalowa bwino m'magazi. Munthu n'kumamwa mokhulupirika koma viral load, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ikukwera. Musanayambe botolo lililonse, pitani nalo kwa amene amakupatsani mankhwala akaliwerenge.

Jere wa ku Joni: Pepani Anaphiri, nthabwala ndaika pansi. Koma funso lenileni. Kuno ku jimu anyamata akumwa fangasi wina wotchedwa cordyceps, akuti othamanga a ku China anaswa nayo marekodi. Zimenezo?

aMbewe a ku Labu: Nkhaniyo ndi ya 1993. Atsikana ophunzitsidwa ndi Ma Junren anaswa marekodi a dziko lonse ku Beijing, Wang Junxia anathamanga mamita 10,000 pa mphindi 29 ndi masekondi 31, rekodi imene inakhala mpaka Almaz Ayana wa ku Ethiopia anaiswa ku Rio mu 2016. Mphunzitsiyo ankati chinsinsi ndi magazi a kamba ndi cordyceps ameneyu, fangasi womera pa mbozi wa ku mapiri a Tibet. Koma mu 2000 othamanga ake 6 anachotsedwa pa timu yopita ku Olimpiki ya ku Sydney atayezedwa magazi. Dziweruzireni nokha.

Koma pa cordyceps pali nkhani imene imandikoma ine kuposa imeneyo. Mu 1969 wantchito wa kampani yopanga mankhwala ya Sandoz anatola dothi ku mapiri a Norway ali pa tchuthi. Mu dothimo munali fangasi wotchedwa Tolypocladium inflatum, ndipo mwa iye munachokera cyclosporine. Ntchito ya cyclosporine si kukweza chitetezo, ndi kuchigoneka. Ndi mankhwala amene anachititsa kuti kuika munthu impso, chiwindi kapena mtima wa munthu wina kuzitheka bwino, America inawavomereza mu 1983. Ndiye mu 1996 anapeza kuti fangasi ameneyu akakhwima ndi wa banja lomwelo la cordyceps, womera pa mphutsi za tizilombo. Palinso fingolimod, mankhwala a multiple sclerosis (matenda a mitsempha ya ubongo) ovomerezedwa mu 2010, amene anapangidwa potengera mankhwala a fangasi wina wa banja lomweli, ndipo ntchito yake n'kutsekera asilikali m'makampu mwawo kuti asatuluke. Ndiye mankhwala amphamvu zedi, otsimikizika, amene mafangasi apatsa chitetezo cha munthu ndi ochitsitsa. N'zomveka: fangasi wodya mbozi yamoyo ayenera kuyamba wagonetsa asilikali a mboziyo.

Ngakhale bowa wa maitake. Ku chipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York anapatsa amayi 34 amene anadwalapo khansa ya m'mawere madzi ake, zotsatira zinatuluka mu 2009. Zina m'magazi zinakwera, zina zinatsika, ndipo kuwonjezera mlingo sikunali kuwonjezera mphamvu nthawi zonse.

Nangozo wa Bowa: Mwandiopsezera makasitomala tsopano kkkk. Ine ndimalima bowa wa oyster ku Mitundu, pa mapesi a chimanga m'majumbo. Kodi ndiziti chiyani anthu akandifunsa? Poti ena amabwera okha n'kumati "tamva kuti amawonjezera chitetezo".

Sister Nabanda, Leeds: Muziti ndi ndiwo yabwino, ndipo simunama. Muli mapuloteni, mavitamini a B, mchere wofunika m'thupi, mafuta ochepa. Mukawayanika padzuwa amapanga vitamini D. Beta-glucan alimonso. Ku Slovakia anachotsa wa mu oyster, amamutcha pleuran, n'kupatsa ana 175 odwaladwala chifuwa ndi chimfine, zinatuluka mu 2013. Mwa omwa pleuran 36 pa 100 sanadwale konse nthawi yonse ya mankhwalawo, mwa enawo 21. Ku University of Florida mu 2015 anthu athanzi 52 anadya shiitake wouma magalamu 5 kapena 10 patsiku kwa masabata 4, maselo ena a chitetezo anaoneka achangu ndipo chizindikiro cha kutupa m'magazi chinatsika, koma panalibe gulu losadya loti afanizire nalo. Ndiye kanthu kalipo, kakang'ono, kosangalatsa. Kadyedwe ndi nsima, osati kulowa m'malo mwa dripi.

Koma aphike ndithu. Shiitake wosapsa amatulutsa zidzolo za mizere thupi lonse ngati munthu wakwapulidwa ndi chikoti, ndipo wochititsa ndi lentinan yemwe uja. Kwa munthu wa pa kemo chilichonse chipse bwino, chidyedwe chotentha.

Aphunzitsi aGama: Ndipo wa kutchire, dzinja likubwerali, azitola ndi amayi odziwa. Zoti ukaika supuni yasiliva kapena ukaona nyerere zikudya ndiye kuti ndi wabwino, n'zabodza. Woopsa kwambiri sakupweteka pompo, umagona bwinobwino, kutsegula m'mimba kumayamba patapita maola ambiri, chiwindi chikupita. Ndelema amene timakondayu ali ndi abale ake akupha ofanana naye.

aMbewe a ku Labu: Ndipo ngati tikufunadi kuteteza asilikali a m'thupi ku fangasi, tiyambe ndi chuku cha mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Poizoni wake, aflatoxin, amawononga chiwindi, amayambitsa khansa ya chiwindi, amafooketsa chitetezo. Nsinjiro za mtedza wofufuzika zimene timapatsa odwala ndi ana m'phala. Nachisale, pokonza phala la mayi aang'ono musankhe mtedza ndi manja, wakuda, wofota ndi woboola mutaye.

Make Tadala: Ndawerenga zonse, kawiri. Anaphiri, pepani, sindinadziwe. Kunena zoona ine zinthuzi ndinalowa ndi ngongole ya banki m'khonde, K400,000, anatiuza ku semina kuti pa miyezi itatu ibwerera. Mabokosi 11 ali pansi pa bedi. Zomwe ndimauza anthu ndi zomwe anatipatsa pa pepala. Koma chimfine changa chinasiyadi, chimenecho sindinama.

Mphatso wa ku Famasi: Palibe akuti mwanama mayi. Mwina ana anu akula, asiya kubweretsa chimfine cha ku sukulu ya mkaka. Mwina ndi nyengo. Mphamvu imene mumamva m'mawa ndi khofi, khofi aliyense amatero. Munthu mmodzi sangathe kusiyanitsa zimenezi payekha, ngakhale ine. Mabokosiwo gulitsani ngati khofi, kwa anthu athanzi okonda kukoma kwake. Koma mawu oti amachiza kapena amakweza CD4 achotseni pa status, chifukwa kutsatsa chinthu ngati mankhwala kuli ndi malamulo ake ndipo a PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala, ndi amene amayang'anira. Akadzabwera sadzafunsa amene anakupatsani pepala uja, adzafunsa inu.

Make Tadala: Ndachotsa. Koma amene ali pamwamba panga pa bizinesiyi andiimbira kale kawiri.

Jere wa ku Joni: Muwauze abwere pa gulu pano, aMbewe sanathe.

aMwale, Admin: Ayi, pano ndi pa ophunzira akale a sukulu yathu basi. Ndipo nkhani ya chopereka ija sinathe, amene simunatumize mukudzidziwa.

Nachisale: Ndabwera ndi lipoti. Lachiwiri ndinawaperekeza ndekha, mabokosi aja ndinanyamula m'chikwama n'kuwaonetsa adokotala. Anawerenga, anati makapisozi asamwe mpaka kemo ithe, khofiyo akafuna kapu imodzi palibe vuto koma shuga wachuluka. Magazi anali bwino, alandira yachitatu, ndipo awasinthira mankhwala a kusanza. Dzulo adya nsima pang'ono ya therere. Mbuzi imodzi inali itapita kale Lachisanu, bambo aang'ono sanadikire Loweruka, ndalamayo tasunga ya thiransipoti ya maulendo atatu otsalawo. Mayi wa makapisozi uja akukana kulandira mabokosi awiri amene anasiya, akuti anatsegulidwa.

Nangozo, oyster wanu mukugulitsa bwanji? Akuti akufuna wotendera.

Nangozo wa Bowa: Wa mayi aang'ono sindigulitsa. Ndikolola Lachinayi m'mawa, ndikakupatsirani pa depoti cha m'ma 10. Mubwere ndi kontena, m'jumbo amafewa.